Ndapuma Pantchito, Alamu

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achemwali angawo ndi ana. Kuno tili bwino, kupatula mawondo.

Zimene mwamvazo n'zoona, ntchito yosamalira maluwa ija ndapuma. Koma musathamangire kulengeza m'mudzi kuti ndikubwera ndi malata. Chimene chandichulukira ndi nthawi, marandi ayi.

Nthawiyo ndikuithera kuona mzinda. Zaka zonsezi Joni ndinkamuona mumdima, kutuluka mbandakucha, kubwerera kutada. Tsopano ndimakwera takisi dzuwa lili paliwombo, kopita kulibe. Takisi zakuno zilibe kondakitala wokukoka mkono ngati ku Limbe. Umaima m'mbali mwa msewu n'kuloza chala kumwamba ngati ukupita m'tauni, pansi ngati ukutsikira pafupi. Mukadzabwera, chonde musadzakhale mpando wakutsogolo. Wokhala pamenepo ndiye amalandira ndalama za anthu onse, kuwerengetsera n'kubweza chenji, dalaivala akumuyang'ana cham'mbali. Inu amene masamu anakuthamangitsani kusukulu mungadzatsike ndi ngongole.

Ndinalawako Gautrain, sitima ija inayamba kuyenda mu 2010, chaka cha mpira wa dziko lonse. Kuchoka pa Park Station, ndisanakhazike bwino chipewa pabondo, eti tafika ku Sandton. Mkatimo kudya n'koletsedwa, ngakhale kutafuna chingamu. Ulendo wanji wopanda kamba? Ine ulendo ndimaudziwa ndi wa basi yakumudzi: Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza, nkhuku yokazinga ikuyenda mpando ndi mpando, pofika pa mlatho wa Zambezi nonse mwasanduka pachibale ndipo mukudziwa amene anathawa mkazi.

Madzulo wailesi ya kanema si yanga. Rimoti ili m'manja mwa mayi akunyumba, ndipo Skeem Saam kapena Uzalo ikayamba, munthu ukatsokomola umapepesa. Choncho ndabwerera ku zowerenga. Kale ndinkakonda Daily Sun chifukwa cha nkhani za tokoloshi, zondilimbitsa mtima kuti ufiti si wa kwathu kokha, ngakhale pansi pa nyumba zosanjikizana ulipo. Masiku ano nkhani zonse zili pafoni, zilembo zake zing'onozing'ono ngati nthanga za bonongwe. Mdzukulu amandikulitsira, koma amalipiritsa switi, ndipo amandifotokozera m'Chizulu. Ndikamuyankha m'Chichewa amaseka, akuti agogo akuimba.

N'chifukwa chake ndikupempha thandizo. Mundifunire buku la a John Gwengwe lija, Kukula ndi Mwambo, ndizimuwerengera mwanayu asanatayikiretu. Mupatsire adalaivala a basi, pamodzi ndi usipa ndi nsinjiro pang'ono. Bukulo mulikulunge palokha. Baibulo munatumiza chaka chatha lija mpaka lero ndikalitsegula m'tchalitchi, amphaka a m'dera lonse amabwera kudzapemphera nawo.

Za njinga munanena zija ndamva. Pitirizani kunena.

Ndine mlamu wanu,
wa ku Joni