Timu yanga sithamanga

Mlamu wanga wa ku Nottingham ndiye anandilowetsa m'mavuto a Blood Bowl. Awa ndi masewera a patebulo omwe Jervis Johnson anapanga mu 1986 ku Games Workshop, kampani yomwe likulu lake lili mumzinda womwewo. Ndi mpira wonga wa ku America, koma osewera ndi tizidole ta zilombo za m'nthano, ndipo chibakera n'chololedwa. Atati ndisankhe timu, ndinangofunsa kuti ndi iti yosathamanga. Alamu anayang'ana mimba yanga n'kundipatsa ma Dwarf.

Ma Dwarf ndi tiamuna tafupitafupi, ndevu mpaka pamchombo, zitsulo thupi lonse. Kuwagwetsa n'kovuta, kuwavulaza ndiye musayese. Vuto ndi miyendo. Bwalo lili ndi timabokosi 26 m'litali, Dwarf wamba amayenda 4 pa ulendo umodzi, ndipo chigawo chilichonse muli ndi maulendo 8 okha. Wardancer wa ma Wood Elf, timu ya alamu, amayenda 8 n'kulumphanso pamutu pa munthu.

Ndiye nzeru yake ndi khola. Wonyamula mpira amakhala pakati, anzake anayi m'makona mwake, ndipo gulu lonse limasuntha pamodzi timabokosi tiwiri kapena titatu, ngati amuna onyamula denga la nkhokwe. Otsalawo ntchito yawo ndi kugwetsa aliyense woyandikira. Wa timu ina akaima m'mphepete mwa bwalo, mumukankhire kwa ochemerera, akamumalize okha. Chachikulu, musathe ulendo wanu mdani atatsamira pakona ya khola, chifukwa akakankha mmodziyo khomo latseguka.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi ichi: mukafika pafupi ndi mzere wogoletsera, simugoletsa ayi. Mumangoima. Mumadikira mpaka ulendo wa 8. Mukagoletsa msanga mpira mwaupereka kwa ma Elf, omwe maulendo awiri okha amawakwanira kubweza. Komanso chigoli chikalowa, aja munawakomola amapatsidwa mwayi wodzuka, thukuta lanu lonse n'kupita pachabe. Choncho mumagoletsa nthawi itatha, chigawo chinacho mumawapanikiza kuti agoletse mwachangu, kenako mumanyamulanso khola lanu pang'onopang'ono kukamaliza 2-1.

Abale, moyo wanga wonse anthu akhala akundinena ulesi. Aphunzitsi ananena, mabwana ananena, mayi akunyumba amanena m'mawa uliwonse. Pano ndapeza malo amene kuima chilili pakhomo pa ntchito kumatchedwa luso. Alamu amachita kudandaula kuti, "Alamu, tagoletsani tikadye, nsima ikuzizira." Ine phee, ndikuwerenga timabokosi ndi chala.

Tsoka lake, masewerawa ali ndi madayisi. Lamulo limati wosewera wanu akagwa, kapena akalephera kutola mpira, ulendo wanu wathera pomwepo, ngakhale ena khumi asanasunthe. N'chifukwa chake odziwa amayamba ndi zosafuna dayisi, zoopsa pambuyo. Ineyo ndimayamba ndi chibakera, poti ndicho chimakoma. Dayisi yomenyera ili ndi mbali imodzi ya chibade, ndipo ikatuluka wogwa ndi womenyayo. Zibade ziwiri kutulukira limodzi amati n'zapatalipatali, koma kwa ine zimabwera ngati zili ndi adiresi yanga.

Ndiye pali kuwonjezera liwiro. Wosewera akhoza kupitirira ndi kabokosi kamodzi kapena tiwiri, bola dayisi isatuluke 1. Taganizani: ulendo wa 8, ma Elf theka ali chigonere, wonyamula mpira wanga watsala ndi kabokosi kamodzi. Dayisi gubudu, 1. Munthu wagwa chafufumimba popanda womukhudza, mpira uko. Osewera amati ndi Nuffle, mulungu wa masewerawa, ameneyo. Ine ndimati kalipokalipo, chifukwa madayisiwo amasunga ndi alamu.

Ndinagulanso Deathroller, chigalimoto chopondera anthu chomwe ma Dwarf amalowa nacho m'bwalo. N'chodula, ndipo woyimbira amachitulutsa chigoli chikangolowa kapena chigawo chikatha. Changa chinaponda Elf mmodzi, amene anadzukanso.

Alamu akuti mwina ma Dwarf andichulukira liwiro. Andionetsa Treeman, chimtengo choyenda timabokosi tiwiri, chomwe dayisi ikavuta chimamera mizu pomwe chaimapo. Ndafunsa kale mtengo wake.