Anangumi a ku Thumbi ndi Nthabwala Zina za AI ku Monkey Bay

Ku Monkey Bay uthenga sunasowepo njira. Ilala ikaliza hutala pa doko, tauni yonse imadziwa kuti ulendo wa ku Chilumba wayambika. Mbuzi ikasowa, mwini wake amathamangira ku wailesi ya Dzimwe, yomwe yakhala ikulankhula ndi anthu a kuno kuchokera mu 1998. Zotsalazo amamaliza ndi amayi a pa msika wa usipa, omwe nkhani imawafika isanachitike n'komwe.

Tsono kwabwera mlendo. ChatGPT inatuluka pa 30 Novembala 2022, ndipo mu Epulo 2024 kampani ya Meta inaika AI yake mu WhatsApp, dziko la Malawi lili m'gulu la maiko oyamba mu Africa kuilandira. Mabwana atamva kuti kuli makina olemba makalata, malipoti ndi zolankhula m'kuphethira kwa diso, onse anacheukira munthu mmodzi: mneneri wa bungwe, uja amalemba zidziwitso, kujambula zithunzi ndi kugwirira bwana maikolofoni. "Iwe ndiye wa zolembalemba, tiphunzitse." Nazi zimene zikumveka m'mbali mwa nyanja. Maina tawasiya dala, poti enawo timagula nawo nsomba pa gombe limodzi.

Alawansi

Maphunziro oyamba anachitikira pa malo ena ogona alendo, monga mwa mwambo, pakuti nzeru zatsopano kwathu kuno sizilowa m'mutu munthu asanaone madzi a ku Mangochi. Mneneri anaonetsa makina akulemba lipoti la masamba asanu tiyi asanazizire. M'holo monse munati zii. Kenako msungichuma anakweza dzanja.

"Ameneyu akagwira ntchito usiku, amafuna alawansi?"

"Ayi, bwana."

"Ya mafuta?"

"Ayi."

"Ya nkhomaliro?"

"Safuna kanthu, koma bandulo basi."

Msungichuma anamwetulira mpaka mano a m'mbuyo kuonekera. Koma dalaivala, yemwe anakhala pafupi ndi chitseko, anapukusa mutu. "Wantchito wokana alawansi ine ndimamuopa. Ameneyo akudya penapake."

Malipiro a mlonda

Dalaivala sanaphonye kwenikweni, chifukwa chakudya cha makinawa ndi mawu amene timawapatsa. Sabata yotsatira kalaliki wa malipiro, pofuna kuonetsa kuti maphunziro anamulowa, anatenga ndandanda yonse, maina, manambala a foni, ndi ngongole za aliyense, n'kuiponya m'makina kuti aikonze ioneke bwino. Mneneri atamva anagwira m'mutu. Anamuuza kuti mu 2023 kampani ya Samsung inaletsa antchito ake kugwiritsa ntchito ChatGPT itatulukira kuti ena anaikamo zinsinsi za kampani. Anamukumbutsanso kuti Malawi ali ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu, ndipo oliyang'anira ndi a MACRA.

"Kuti musavutike kukumbukira," anatero mneneri, "chimene simungachiwerenge pa wailesi ya Dzimwe, musachilembe m'menemo."

Mlonda anali kumvetsera pa zenera. "Asiyeni, achimwene. Malipiro angawo apite ku America konko. Mwina kumeneko wina akawaona amva chisoni."

Funso la bwana

Bwana wina anaitanidwa kukalankhula pa mwambo wopereka mabwato kwa asodzi. Mneneri wake anali ku maliro, ndiye bwana anati, "Ndipanga ndekha, zovuta zake n'ziti?" Analamula makina, makina analemba, iye n'kusindikiza osawerenga.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mchenga ukuotcha. Bwana anawerenga tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Ana anagona kumsana. Mafumu anayamba kudzikupiza ndi mapepala a ndondomeko ya mwambo. Pofika pansi pa tsamba lachisanu ndi chimodzi, bwana anakonza tayi, nakweza mawu ndi ulemu wake wonse:

"Ndikukhulupirira kuti zolankhulazi zakuthandizani. Kodi mukufuna ndizifupikitse?"

Gombe lonse linayankha kamodzi: "Eeeee!"

Akuti chiyambire bungwelo, palibe chiganizo chimene chinaomberedwa m'manja ngati chimenecho.

Anangumi a ku Thumbi

Mtsikana wolandira alendo pa malo ena ku Chembe anauzidwa kulemba kabuku kokopa alendo. Makina anayamba bwino kwabasi. Analemba kuti amishoni a Livingstonia anayamba kumanga misasa yawo pomwepo mu 1875, kuti Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, kuti UNESCO inaiika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna. Zonsezo n'zoona. Kenako, poona kuti ndime yomaliza yachepa, anawonjezera kuti m'mawa alendo amaona anangumi akusewera kuseri kwa chilumba cha Thumbi.

Posakhalitsa kunafika mzungu ndi kamera yaitali. Mnyamata wa boti anamuzunguliritsa Thumbi, namuonetsa mbuna za mitundu yonse, naponyera nkhwazi nsomba, nkhwazi n'kuiwakha bwinobwino. Mzungu osasekerera.

"Nanga anangumi aja?"

Mnyamata anayang'ana madzi, anayang'ana kumwamba, kenako anayang'ana ndalama imene anali asanalandire. "Bwana, mwachedwa pang'ono. Anakwera Ilala Lachisanu."

Makinawa sanama dala. Ntchito yawo ndi kulosera mawu oyenera kutsatana ndi anzake, ndiye choona ndi chabodza amazilemba mokoma chimodzimodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo musamuseke kwambiri mtsikanayo: mu 2023 woweruza wa ku New York analipiritsa maloya $5,000 chifukwa chobweretsa ku khoti milandu yakale imene ChatGPT inangopeka. Amenewo anali a madigiri, ndi masuti omwe.

Akuti bwanji?

Nthawi yotseka nyanja itayandikira, mneneri wa bungwe lina anapempha makina kulemba chidziwitso m'Chichewa. Chinatuluka Chichewa cha suti, chimene palibe agogo a munthu analankhulapo. Anakachiwerenga pa gombe, masamba awiri athunthu. Asodzi anangoti kukamwa yasa.

Wapampando wa komiti ya pagombe anamukoka pambali. "Achimwene, akuti bwanji?"

"Akuti kuyambira pa 1 Novembala chambo chikuswana, makoka akhale kumtunda."

"Nanga osangotero bwanji?"

Wapampando anaimirira, nanena zomwezo m'Chiyao asanapume n'komwe, msonkhano n'kutha.

Chifukwa chake n'chodziwika. Makinawa anaphunzira pa zolembedwa za pa intaneti, zomwe zambiri ndi Chingerezi. Chichewa chilipo chochepa, Chiyao ndiye kaya. Komwe AI yagwira ntchito yooneka kwathu kuno, anaimangirira chingwe chachifupi. Ulangizi, yomwe bungwe la Opportunity International linayambitsa mu 2024, imayankha alimi pa WhatsApp m'Chichewa ndi m'Chingerezi kuchokera m'buku la Unduna wa Zaulimi, ndipo m'midzi yambiri foniyo imagwidwa ndi munthu wophunzitsidwa amene amakhala pakati pa makina ndi mlimi.

Siginala

Mnyamata wina wa pa chilimira anatopa ndi kulamulidwa ndi siginala, mkulu uja amatsogola ndi nyali usiku kukasaka usipa. Anatulutsa foni pamaso pa onse. "Lero tifunsa odziwa." Analemba: kodi usipa uli pati usiku uno?

Makina anapereka mfundo zisanu ndi ziwiri. Anafotokoza za mwezi, kuti ukawala nyali sizikoka nsomba. Anafotokoza za mphepo, za kutentha kwa madzi, za kuvala jekete yoyandamitsa. Mnyamata ankawerenga mokweza, chifuwa patsogolo, mpaka anafika pa mfundo yomaliza: "Kuti mudziwe malo enieni, funsani asodzi odziwa a m'dera lanu."

Siginala anapitiriza kupukuta galasi la nyali. "Mwamva? Ngakhale iyeyo akumudziwa bwana wake. Kankha bwato."

Ntchito ya mesenjala

Mesenjala wina, amene wakhala akupalasa njinga m'dera la Mfumu Nankumba kuyambira misewu isanaone phula, anagogoda pa ofesi ya mneneri nkhope ili gwa.

"Mwanawe, ndamva kuti makinawa atilanda ntchito. Undiuze zoona, ndiyambe kufuna dimba."

Mneneri asanayankhe, foni inalira. Anali mayi wina wa m'bungwemo, akulira ndi ukali. Mlembi watsopano anatumiza kwa antchito onse uthenga wa maliro a apongozi a mayiyo, wolembedwa ndi makina. Unayamba motere: "Tili okondwa kukudziwitsani…" ndipo unatha ndi mawu oti, "Musaphonye mwayi umenewu!"

Mneneri anatsitsa foni pang'onopang'ono. "Madala, njinga ili ndi mpweya?"

"Ili nawo."

"Pitani ku siwa. Mukagwade, mukapepese, mukakhale nawo mpaka m'mawa."

Mesenjala anavala chipewa chake. Pa khomo anacheuka. "Za dimba zija ndayamba ndaimika."

Mbuzi

Womaliza ndi bwana amene ankadzitama kuti ofesi yake ili patsogolo pa zamakono. Analembera a gulupu kalata yothokoza chifukwa cholandira bwino alendo a bungwe. Makina, pofuna kukometsa, anawonjezera chiganizo chimodzi: bungwe likulonjeza kukumba mjigo m'mudzimo mvula isanagwe. Bwana anasaina, nadinda chidindo, osawerenga.

Mudzi unasankha malo. Amayi analambula, anyamata anatuta miyala. Mvula inagwa, mvula inatha, mwera unayamba kuomba, mjigo kulibe. A gulupu anaitanitsa bwana ku bwalo.

Mneneri anamuchenjeza ali m'galimoto. "Bwana, chilichonse munene, koma musanene kuti ndi makina. Kampani ya ndege ya Air Canada inayesa zimenezo. Makina ake oyankha makasitomala anauza munthu wopita ku maliro a agogo ake zabodza za mtengo wa tikiti, kampani n'kunena kuti makinawo adziyankhire okha. Mu Febuluwale 2024 bwalo la ku British Columbia linakana, n'kulamula kampani kulipira."

Bwana anagwedeza mutu. Atafika pansi pa mtengo, anthu atadzaza, chiganizo chake choyamba chinali chakuti, "Zikomo mfumu, kalatayo analemba ndi makina."

A gulupu anafunsa modekha. "Makinawo abwera?"

"Ali mu foni muno, mfumu."

"Ali ndi khola?"

"Ayi, mfumu."

"Chidindo chili pa kalatayi n'cha makinawo?"

"N'changa, mfumu."

"Dzina ili pansipa?"

"Ndi langa, mfumu."

"Basi nkhani yatha. Mbuzi yopepesera mudzi ndi yanu. Mjigo ndi wanu. Makinawo mukawapatse moni."

Kuchokera tsiku limenelo bwanayo sasaina kanthu asanawerenge kawiri, kachiwiriko mokweza, mneneri ataima pambali ndi cholembera chofiira. Ngakhale kalata yopempha tchuthi ya mlonda amaiwerenga mpaka pansi, kuopa kuti mwina mwabisala mjigo wina.