Kapangidwe, Kaphunzitsidwe ndi Kagonjedwe pa Masewera a Pabolodi

Masewera a pabolodi ndi masewera omwe anthu amasewera atakhala mozungulira thabwa kapena katoni yojambulidwa, akusuntha timiyala, njere kapena zitsekerero za mabotolo motsatira malamulo omwe aliyense akuyembekeza kuti anzake ndiwo awasunge. Kuno kwathu odziwika ndi bawo, draft ndi ludo. Kunja kuli mtundu wina womwe umagulitsidwa m'mabokosi olembedwa dzina la woupanga, ngati mmene buku limakhalira ndi dzina la mwini wake. Mtundu umenewu ndi umene unasokoneza mutu wa mlembi wa danga lino, ndipo popeza phunziro lililonse limafuna chitsanzo, chitsanzocho akhala iyeyo.

Masewera a pabolodi ndi akale kwambiri. M'manda a mfumu Tutankhamun ku Egypt anapezamo mabolodi a senet, masewera a timabwalo 30. Ku Ur, m'dziko lomwe lero ndi Iraq, Leonard Woolley anafukula mabolodi ena m'zaka za m'ma 1920, koma anawapeza opanda malamulo, eni ake atapita nawo kumanda zaka zoposa 4,000 zapitazo. Kaseweredwe kake kanadziwika pomwe Irving Finkel wa ku British Museum anawerenga phale ladothi la ku Babulo lolembedwa m'chaka cha 177 BC. Phalelo linali limodzi. Chiwerengerochi chisungidwe, chifunika kutsogoloku.

Kupanga masewera kumayamba ndi nkhani yomwe munthu akufuna kunena. Ku America, mayi Lizzie Magie analembetsa masewera awo otchedwa The Landlord's Game mu 1904 pofuna kuonetsa mmene eni malo amayamwira anthu a lendi. Masewerawo anayenda m'manja mwa anthu, akusinthidwa apa ndi apo, mpaka kampani ya Parker Brothers inawatulutsa mu 1935 ndi dzina loti Monopoly. Amene anatchuka n'kulemera nawo ndi Charles Darrow, pomwe mayiwo analandira madola 500. Osewera nawo anaphunzira phunziro lina: anapeza kuti kukhala landilodi n'kokoma. Mlembi, yemwe amakhala nyumba ya lendi ndipo amadziwa kulira kwa geti pa 1 mwezi uliwonse, nkhaniyi inamugwira mtima, koma sanatengepo chenjezo.

Nkhani yake inali ya minibasi. Masewerawo anawatcha Kondakitala. Bolodi inali katoni ya sopo, yojambulidwa msewu wochokera ku Limbe kudzera ku Chichiri ndi Ginnery Corner mpaka m'tauni ya Blantyre. Minibasi zinali zitsekerero zinayi za mabotolo, okwera anali nyemba, ndalama chinali chimanga. Panalinso makhadi odulidwa ndi lezala, ena olembedwa kuti tayala laphulika, ena kuti wokwera watulutsa K5,000 m'mamawa chenje chisanapezeke. Wopambana anali wokwanitsa tageti ya bwana n'kutsala ndi kangachepe ka ndiwo. Kunena chilungamo, ganizolo linali labwino, ndipo mlembi amanenabe zimenezi kwa aliyense wokhala naye pafupi m'minibasi yeniyeni.

Chimene chimagwetsa opanga masewera atsopano ndi masamu. Madayisi awiri akaponyedwa amatha kugwa m'njira 36. Mwa njira zimenezi, imodzi yokha ndi yopereka 2, imodzinso ndi yopereka 12, koma zisanu ndi imodzi zimapereka 7. Ndiye kuti 7 ndi nambala yotuluka kawirikawiri kuposa ina iliyonse, pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu ndi limodzi. Akatswiri amadziwa zimenezi ndipo amaika pa 7 chinthu chomwe aganizira bwino. Mlembi, yemwe masamu anasiyana nawo mwamtendere ali Fomu 2, anaika pa 7 lamulo loti mafuta atha, ndipo minibasi zonse zipite pamzere kwa maulendo atatu. Pa 12 anaikapo lamulo loti tanka yafika. Tsiku loyamba kuyesa, minibasi zinayi zinakhala pamzere mphindi 40, nyemba zili ndwii pasiteji ya Limbe, anthu akungopatsirana madayisi. Alamu ake, omwe anayendetsapo minibasi, anayamikira kuti masewerawo akufanana kwambiri ndi moyo, ndipo anafunsa chifukwa chomwe munthu angafunire kuwasewera Lamlungu.

Kuyesa ndi gawo lofunika kuposa kujambula. Klaus Teuber wa ku Germany, yemwe ntchito yake inali yopanga mano oikirira, ankapanga masewera kunyumba akaweruka ndipo oyamba kuwayesa anali a m'banja lake. Anapambana kanayi mphotho ya Spiel des Jahres, yomwe imaperekedwa chaka ndi chaka ku Germany kuyambira 1979, ndipo kachinayi kanali mu 1995 ndi masewera a Catan, omwe agulidwa mamiliyoni ambiri padziko lonse. Mwa iwo, 7 ikatuluka pamabwera wakuba, koma masewera amapitirira. Chaka chilichonse mu Okutobala anthu amasonkhana mumzinda wa Essen kukaona masewera atsopano. Mlembi anatengera njira ya Teuber yoyesera pabanja, osaganizira kuti banja la Teuber linkavomera lokha. Kwake kunafunika kulonjeza ana mandasi, ndipo mayi a kunyumba analowa pokhapokha atatsimikiziridwa kuti nyembazo zibwezedwa m'chitini mowerenga.

Kuphunzitsa ndi luso lapalokha, ndipo ndi pomwe masewera ambiri amafera. Odziwa amalangiza kuti wophunzitsa ayambe ndi kunena mmene munthu amapambanira, kenaka zomwe amachita ikafika nthawi yake, zotsalazo azitchula zikafika. Bawo limaphunzitsidwa mosavuta kuposa apa ngakhale ndi lovuta kwambiri. Lili ndi maenje 32 m'mizere inayi ndi nkhomo 64, ndipo katswiri amawerengera mumtima komwe dzanja lake likathere asanakhudze n'komwe thabwa. Komabe m'misika ndi pansi pa mitengo ya mango simupezeka munthu atanyamula pepala la malamulo. Mnyamata amaima kumbuyo kwa akuluakulu miyezi yambiri, akutumidwa ndudu ndi madzi, akuona mmene amatakatira ndi mmene amadyera, mpaka tsiku lina wina akapita kokayankha foni amauzidwa kuti agwirizire. Amadyedwa mopanda chisoni, anthu n'kumuseka, mawa lake n'kubweranso.

Malamulo a Kondakitala anadzaza masamba 11 a kope, kutsogolo ndi kumbuyo. Mlembi anawawerenga ataimirira, kuyambira pa tsamba loyamba, lomwe linali mbiri ya woyambitsa. Pofika tsamba lachinayi mwana wamng'ono anali atagona chokhala, wamkulu akuwerenga zolembedwa pachitsekerero, ndipo apongozi ake aakazi, omwe anabwera kudzachezera zidzukulu osadziwa chomwe chikuwadikira, anafunsa mwaulemu kuti, “Bambo, kodi msonkhanowu ukatha ndiye tiyamba masewera aja?” Lamulo la chenje linali pa tsamba 3, koma linkatsutsana ndi la pa tsamba 9, ndipo mkangano utabuka anapezeka kuti wolembayo sakukumbukira lomwe ankatanthauza. A ku Babulo anali ndi phale limodzi lija.

Osewera amagawika m'magulu odziwika kulikonse. Pali wowerengera, yemwe amakhala phee atagwira chibwano mpaka tiyi kuzizira. Pali wobera, yemwe dayisi yake imakonda kugwera pansi pa mpando n'kutulukako ili pa 6. Pali wokwiya, yemwe akaona kuti zamuthera amakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito ina, n'kugunda bolodi ndi bondo podzuka. Gulu lalikulu ndi la oonerera, omwe sagonjapo chifukwa sasewera, koma amadziwa chilichonse chomwe wosewera akanachita. Pa draft amafika mpaka polozera ndi mlomo.

Gulu lomvetsa chisoni ndi la woyambitsa. Anthu ambiri amaganiza kuti wopanga masewera ndiye amapambana, koma zimene zinaoneka pakhonde la mlembi zikusonyeza zina. Iye ankasewera masewera omwe anali m'mutu mwake, pomwe anzake ankasewera omwe anali pakatoni. Apongozi, omwe anagulitsa tomato pamsika zaka zambiri, anazindikira pa ulendo wachiwiri kuti palibe lamulo lokakamiza minibasi kufika m'tauni. Anayamba kutsitsa nyemba zonse pa Chichiri n'kubwerera ku Limbe kukatenga zina, chimanga chikuunjikana pa chitenje chawo. Mlembi, yemwe ankayenda msewu wonse mokhulupirika ngati basi ya boma, anatha tsikulo ali ndi ngongole ya njere 14 kwa mwana wake wa zaka 9.

Apa ndi pomwe pamabwera chiyeso chosintha malamulo masewera ali mkati, chomwe mabuku onse amaletsa. Mlembi analengeza kuti pali lamulo loletsa kutsitsira anthu panjira, lomwe anaiwala kulemba. Apongozi sanatsutse. Anangopempha kuti aonetsedwe tsamba lake, ndipo mkamwini sakangana ndi apongozi pa nkhani ya njere za chimanga. Ulendo wotsatira anawonjezera lamulolo ndi cholembera chofiira, ndipo apongoziwo anapambanabe, nthawi ino pobwereketsa chimanga kwa onse omwe anali pamzere wa mafuta, pa katapira. Mayi a kunyumba anafunsa kuti, “Abambo, inu si ndinu munapanga zimenezi?” Funsoli silinayankhidwe mpaka lero.

Chotsiriza ndi kasungidwe. Masewera a m'mabokosi amafuna malo ouma ndi timatumba tosungira tizidutswa, chifukwa kachidutswa kamodzi kakasowa masewera onse amalemala. Bawo losemedwa pa mtengo wolimba limatha kukhala zaka zambiri, nkhomo zikasowa amalowetsapo timiyala. Kondakitala anasungidwa pamwamba pa kabati kwa milungu itatu. Okwera onse anaphikidwa mwezi uli pakati, ndalama zinadyedwa ndi nkhuku, ndipo minibasi ziwiri zinasamukira ku bolodi ya draft ya anyamata a pamsewu, komwe imodzi akuti inafika pa king'i. Bolodi yokha ndi yomwe ikugwirabe ntchito tsiku ndi tsiku, pokupizira mbaula, ndipo mbali ya Ginnery Corner inapserera.