Usiku Umene Makolo Amasoka Mizukwa

Pa mayesero onse amene amagwera munthu wa kwathu amene adatsazika abale ake nakakhala ku England, kuyambira chisanu cholowa m'mafupa kufikira ufa wogula ndi mapaundi umene nsima yake sikhalitsa m'mimba, palibe yesero lina lofika mwaulemu, koma losautsa nyumba yonse kuyambira mwini khomo kufikira khanda la kumsana, loposa kakalata kamene mwana amatulutsa m'chikwama chake cha kusukulu mwezi wa Okutobala uli pakati, kodziwitsa makolo olemekezeka kuti pa tsiku lakutilakuti ana adzaloledwa kubwera atavala zoopsa. Kakalatako sikakakamiza munthu, pakuti aphunzitsi a kuno ndi anthu ofatsa ndi odziwa malamulo. Koma kholo limene lidaonapo nkhope ya mwana wake ataima yekhayekha mu yunifolomu pakati pa anzake ovala nyanga, mapiko ndi michira, silifunanso wina wolikakamiza.

Mwambo umenewu, wotchedwa Halloween, umachitika usiku wa pa 31 Okutobala, ndipo eni ake enieni ndi anthu a ku Ireland ndi ku Scotland, amene makolo awo ankatsazika nyengo yokolola ndi chikondwerero cha Samhain, pokhulupirira kuti usiku umenewo akufa amayendayenda pafupi ndi makomo a amoyo. Ndipo mpingo utakhazikitsa tsiku la Oyera Onse pa 1 Novembala, miyambo iwiriyo idagona m'nyumba imodzi osapikisana. Njala yaikulu imene idayamba mu 1845, mbatata ya kachewere itawola m'minda, idawolotsa anthu a ku Ireland ochuluka kunka ku America, ndipo kumeneko adapeza maungu, amene ali ofewa kusema kuposa mbewu yolimba ya turnip imene ankaboola kwawo poikamo nyali. Amalonda a ku America, amene saona chinthu chikuyenda mumsewu osachiika mtengo, adayamba kusoka zovala za usikuwo m'mafakitale, monga idachitira kampani ya Ben Cooper ya ku New York kuyambira mu 1937. Kotero kuti mwambo umene udachoka kuno uli wowonda ndi wovala nsanza udabwerera utanenepa, utanyamula lisiti m'manja. Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti atumiki a Mulungu a ku Scotland amene adamanga Blantyre mu 1876, amene adatiphunzitsa kuumba njerwa, kuimba nyimbo ndi kusunga nthawi, za usiku umenewu adangoti chete, natisiya kuti tidzazione tokha titakula.

Tsono makolo a dziko lino sagwira ntchitoyi mofanana. Alipo amayi ena, ndipo m'kalasi iliyonse simulephera kukhala mmodzi, amene amayamba kusonkhanitsa makatoni, zitsekero za mabotolo ndi nsanza zonyezimira mwezi wa Ogasiti usanathe. Amenewa amagona tambala atayandikira kulira, zala zitatupa ndi guluu wotentha, ndipo tsiku likakwana mwana wawo amafika pachipata cha sukulu atasanduka galimoto yozimitsa moto, ya magudumu ozungulira ndi nyali yothwanima, moti sangathe kukhala pampando, kapena kupita kokadzithandiza, popanda akuluakulu awiri omuvula. Mukawayamikira amayi otere, amakupiza dzanja nati, "Aa, n'zachabechabe izi, ndangolumikiza tinthu tomwe tidali m'nyumba," ndipo amayi ena onse oima pamenepo amaseka ndi mano okha, mitima ili kuwawa. Mwini wake wa galimotoyo, mukamsuzumira pa kazenera kamene adamboolera kuti azipumirapo, mupeza ali ndwii, misozi ili lengelenge, chifukwa iye adapempha kukhala Spider-Man monga anzake onse, ndipo palibe adamumvera.

Ena amangolowa mu Tesco kapena mu Asda, nanyamula chimene chapachikidwa pafupi ndi khomo, nalipira, natuluka mtima uli m'malo. Za amenewa palibe zambiri zonena, kupatula kuti ndiwo adadzaza misewu ndi ana aakazi ovala ngati Elsa filimu ya Frozen itatuluka mu 2013, ndi kuti mu 2018, chaka cha Black Panther, anyamata athu adapeza chigoba chogwirizana ndi manja awo.

Koma gulu limene ndilidziwa bwino, popeza ndi la magazi anga, ndi la azengerezu, amene akuluakulu adanena kale kuti adalinda kwawukwawu. Awa kakalata kaja amakaika pamwamba pa fuliji, pansi pa mabilu a magetsi, nakakumbukira usiku woti mawa ndilo tsikulo. Mlamu wanga wa ku Manchester, munthu woopa Mulungu, mkulu wa mpingo, amene amagwira ntchito usiku m'nyumba yosamalira okalamba, adali atangosamba m'manja kuti ateme nsima pamene mwana wake wamkazi wa zaka 7 adaima patsogolo pake, manja kumbuyo monga adamphunzitsira, nati ndi mawu okoma, "Adadi, ine mawa ndikufuna kukhala mfiti."

Mbamu idagwera m'mbale ya ndiwo. "Iwe mwana, wati chiyani? Lavula msanga mawu amenewo!" Ndipo potembenukira kwa akazi awo adati, "Amayi, kodi mwamumva mwana wanuyu?" pakuti mwana akanena zoopsa amakhala wa amayi ake.

Tisamuweruze mlamu wangayo, inu owerenga, chifukwa adabadwira m'dziko limene lamulo la 1911 limalanga munthu wotchula mnzake kuti ndi mfiti, dziko limene nkhalamba zambiri zosalakwa zaonongeredwa nyumba chifukwa cha dzina lomwelo. Ndipo tsopano, atawoloka nyanja ndi kulipira ndalama zosawerengeka za mapepala okhalira m'dziko la eni, mwana wobala yekha ali kupempha udindowo poyera, napemphanso kuti amgulire chipewa chake. Pakuti mfiti ya kuno imavala mkanjo wakuda ndi chipewa chosongoka, nikwera tsache. Pamene ya kwathu, monga amanenera odziwa, imauluka pa lichero ili chibadwire, chimene chikadapulumutsa ndalama ndithu, koma m'chisanu cha Manchester sichingatheke.

Mlandu utakula adaimbira agogo ku Dedza pa WhatsApp, ndipo agogowo, atayandikiza foni kufikira padangooneka mphuno yokha, adamvetsera zonse modekha, nafunsa kuti, "Mwanangu, kodi zimenezi ndizo mudapitira kumeneko? Ife kuno tikugona khutu lili kukhomo, inu ufiti mukuchita kugula m'sitolo, n'kukupatsani chenji?" Abusa nawonso adali atalalikira kale Lamulungu lapitalo kuti ana a kuunika asayanjane ndi ntchito za mdima, nalengeza kuti mpingo, monga imachitira mipingo yambiri ya kuno, ukonza phwando lakelake usiku womwewo, kumene ana adzabwera atavala ngati anthu a m'Buku Lopatulika. Pamenepo mlamu wanga adaona khomo lotulukira, nagamula mlandu ataimirira: m'nyumba mwake simudzatuluka mfiti, kapena mzukwa, kapena chigaza, wofuna kuvala asankhe munthu wa m'Malembo.

Mtsikana uja, atalira pang'ono, adavomera kukhala mngelo, ndipo amayi ake, amene adali atangoweruka kuchipatala miyendo ili yotupa, adapinda mahang'ala awiri a waya, nang'amba katani yoyera ya pawindo la kubafa, nasoka mapiko ndi singano ndi ulusi mpaka usiku udapita, akung'ung'udza kuti kwathu telala wa pakhonde la sitolo akadamaliza zonsezi munthu asanamalize kumwa Fanta. Koma mchimwene wake wa mngeloyo, mnyamata wa zaka 10 amene ndikhulupirira adzakhala loya, adakhala chete nthawi yonseyi akusinkhasinkha. Ndipo atafunsidwa adayankha mofatsa, maso ali pansi, kuti iye wasankha Lazaro wa ku Betaniya, pa ola lija adatuluka m'manda. Bambo ake adayang'ana kudenga, nafunafuna m'mutu mwawo vesi loletsa, koma sadalipeze. Motero adamkulunga mnyamatayo kuyambira kumutu kufikira kumapazi, poyamba ndi mabandeji a m'bokosi la mankhwala, ndipo atatha amenewo, ndi mapepala a kuchimbudzi onse a m'nyumbamo. Kutchalitchi abusa adamuimika kutsogolo namuyamikira chifukwa chodziwa Malembo, ndipo mumsewu azungu adaomba m'manja nati sadaonepo mtembo wa mafumu a ku Egypt wokonzedwa mwaluso chotere. Aliyense adaona chimene adafuna kuona, ndipo mnyamatayo adalandira maswiti mbali zonse ziwiri.

Komatu mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ku Manchester mwambi umenewu sufuna womasulira. Mawotchi a kuno amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, kotero kuti pa 31 dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane, ndipo kawirikawiri kamvula kowaza kamakhala kali pomwepo kudikira. Lazaro asanafike pa khomo lachisanu, nsalu zake za kumanda zidayamba kusungunuka ndi kumatirira pa nsapato. Mngelo naye sadaoneke ulemerero wake, popeza amayi ake, amene adasoka mapikowo ndi manja awo, ndiwo omwe adalamula kuti avale juzi, jekete lalikulu, mpango ndi chipewa chaubweya pamwamba pa zonsezo, poopa chifuwa. Ichi ndicho chinsinsi cha usiku umenewu m'dziko lonse la England: zovala zimene zadya ndalama, tulo ndi mtendere wa mabanja zimaonekera pa chithunzi chojambulidwa m'khitchini basi, ndipo mumsewu mumangoyenda majekete.

Ife ana a Achewa sitidabwa ndi chigoba, pakuti Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamlemekeza mu 2005, tidamuona tili kumsana. Koma kwathu chilombo chikatuluka kudambwe anthu amapatuka, ndipo palibe munthu wolongosoka amene angafunse kuti zimene chavalazo zidagulidwa kuti. Kuno chilombo chimayenda chogwiridwa dzanja, amayi ake akuchipukuta mamina ndi kuuza aliyense mtengo wa mchira wake.

Chimene chidamlemera kwambiri mlamu wanga, komabe, sichidali chovala ayi, koma kupemphetsa. Munthu amene adaleredwa ndi chilangizo chakuti mwana wa pabanja lolongosoka sayang'ana m'mbale ya eni, tsopano adayenera kuperekeza ana ake khomo ndi khomo, chidebe chili m'manja, ngati kuti kwawo sikudaphikidwe. Ndipo ankaima patali, pafupi ndi mpanda, akuyang'ana foni yake monga munthu wongodutsa. Pamenepo ndipo adaona chozizwitsa. Anansi ake, amene wakhala nawo khoma limodzi zaka zambiri osamva mawu awo, amene akakumana naye m'mawa amayang'ana mitambo kapena galu wawo, usiku umenewo adayatsa nyali m'maungu pakhomo, chimene chili chizindikiro chakuti alendo agogode, natsekula zitseko zawo n'kumwetulira, nafunsa ana maina, nafunsanso bambo awo kuti kwawo n'kuti. Nkhalamba ina ya pa nyumba yoyandikana nayo idamgwira chanza kwa nthawi yoyamba. Mlamu wanga adabwerera kunyumba akupukusa mutu, nati kwa akazi awo, "Amayi, dziko lino kuti anthu akupatse moni uyenera kuyamba wafa."

Za dzungu ndinene mwachidule, chifukwa zimandipweteka. Anthu a kuno amagula dzungu lalikulu lakupsa bwino, nalichotsa zam'kati, nataya nthanga zake, naliboola maso ndi mano, naliika panja kuti liwole. Ndipo mlongo wanga, amene sadaonepo chakudya chikuseweretsedwa chotere, adalanda la ana ake naliphika, koma lidangoti phwa, madzi okhaokha, popeza maungu amenewa amalimidwa kuti akhale nkhope, osati chakudya.

Ana atagona, mutu wa banja adakhala pansi ndi zidebe ziwiri zija, nati ayenera kuyesa maswitiwo ngati ali abwino kwa ana, ndipo monga mkulu wa mpingo wodziwa malamulo a zopereka adapatula chakhumi, nachipatulanso kachiwiri poopa kuti adalakwitsa kuwerenga. Akuluakulu adati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu; pano zidampota wamkulu chifukwa adadya yekha, ndipo m'mawa mwake sadathe kumwa tiyi. Amayi a m'nyumbamo, amene usiku wonse adalumbira kuti zopusazi sadzazichitanso, adaonedwa pa 1 Novembala ali m'sitolo, pamene zovala zotsala zimatsitsidwa mtengo, akuyeza ndi chikhatho mkanjo wakuda wa msinkhu wa mwana wa zaka 8, nauza mnzawo amene adawapezerera kuti akufuna nsalu yokha, yopukutira mawindo.

Tsono inu abale amene muli kumudzi, mukalandira pa foni chithunzi cha mdzukulu wanu ali ndi mapiko, kapena atakulungidwa ngati maliro, musathamangire kwa abusa kapena kwa sing'anga, ndipo musasonkhanitse anthu a mapemphero. Mwanayo ali bwino, ndipo kusukulu akukhoza. Chokhacho chimene muyenera kudziwa n'chakuti ndalama ya feteleza imene tidalonjeza kutumiza mwezi uno ichedwa pang'ono, pakuti ina tagulira katani yatsopano ya kubafa.