Dengu la agogo lakhala fashoni

Mu 2015 boma la Mozambique lidaletsa majumbo opyapyala, lidaletsanso ogulitsa kupereka jumbo ulere. Chichokereni pamenepo, ophunzira a m'tauni akhala akutilangiza kuti tizinyamula kachikwama kathu popita kogula. Agogo a ku Angónia amangoseka chamumtima. Iwo kumsika wa Ulónguè amapita ndi dengu pamutu chibadwire, nyemba n'kumanga pangodya ya chitenje, ndipo palibe adawatchapo oteteza chilengedwe.

Vuto lili kwa ife abambo a jekete. Dengu timaliopa, ati likutichotsera ulemu. Timalipira jumbo, kudandaula njira yonse kuti zinthu zakwera mtengo, kenako jumboyo n'kubooka pamtsetse, mbatatesi zathu n'kuyamba ulendo wa ku Dedza opanda pasipoti.