Kaundula wa Ndalama Zofufuzira Usilikali wa Bambo Athu

Kwa achimwene, achemwali ndi adzukulu nonse. Pa msonkhano wa banja munandipatsa ntchito yosunga thumba lofufuzira mbiri ya malemu bambo athu, amene anali msilikali wa King's African Rifles (KAR) pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Tinagwirizana kuti pa chiliza pasalembedwe kanthu tisanadziwe zoona zake. Nazi ndalama zimene zinalowa, zimene zinatuluka, ndi chimene chinapezeka pa ndalama iliyonse. Malisiti ali mu envelopu, aliyense ali ndi ufulu wowaona.

ZOLOWA

Achimwene aakulu: K60,000
Achemwali a ku Lunzu: K40,000
Ine: K50,000
Msonkhamsonkha wa adzukulu: K45,000
Zonse pamodzi: K195,000

ZOTULUKA

1. Kudulitsa loko wa bokosi lachitsulo ndi kugula watsopano: K6,500

Makiyi anasowa nthawi ya maliro a mayi. M'bokosimo munali kabuku ka malipiro, chikalata chotulukira usilikali, pepala lalitali la mizeremizere lolembapo mayendedwe awo, mendulo zitatu zokulunga m'kansalu, ndi chithunzi chimodzi. Njenjete zinadya m'mphepete mwa pepala lalitalilo, koma nambala ya usilikali inatsala yathunthu. Kulikonse kumene tinakafunsa, choyamba kufunidwa chinali nambala imeneyi, chifukwa mayina ofanana ndi ambirimbiri koma nambala ndi ya munthu mmodzi.

2. Fotokope, fayilo ndi mapulasitiki osungiramo mapepala: K9,000

Mapepala enieni sakutulukanso m'nyumba, zoyenda nazo ndi fotokope. Wapamakina anafuna kuwamata ndi pulasitiki yotenthetsa ija. Sitinalole, chifukwa moto umawononga pepala lakale ndipo likamatidwa silimatukanso.

3. Galasi lokulitsira zilembo, kope ndi mapensulo: K5,500

Pepala lalitali linalembedwa ndi makalaliki osiyanasiyana, wina ndi inki, wina ndi pensulo. Mdzukulu wa Fomu 4 anakopera mzere uliwonse m'kope monga mmene ulili, osakonza kanthu, tsiku kumanzere, mawu kumanja.

Dzina limene tonse tinkawadziwa nalo, la ubatizo lija, palibepo. Mfunda wathu nawonso palibe. Analembedwa ndi dzina la paubwana, lotsatizana ndi dzina la bambo awo, m'kalembedwe ka kalaliki amene analimva kamodzi kokha. Zaka zawo zakubadwa ndi zongoyerekeza poona thupi, choncho chaka chimene chili pa chikalata tisachitenge ngati chotsimikizika. Palembedwa msinkhu, mtundu, mudzi ndi mfumu. Palembedwanso chipsera cha pa bondo lamanzere, chomwe chija tinkachiona akakhala pakhonde atavala kabudula. Posayina pali chidindo cha chala chachikulu. Boma lakwathu lalembedwa kuti Mlanje, monga ankalembera atsamunda. Ofufuza ena akumbuke kuti Thyolo inali Cholo, Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Mchinji inali Fort Manning.

4. Ulendo wa ku Mulanje kwa azakhali, minibasi ndi kabaza: K24,000
Shuga, mchere, sopo ndi chitenje cha azakhali: K21,000

Azakhali ndi okhawo otsala mwa amene anaona bambo akupita ndi kubwera. Titawapatsa chithunzi anachiyandikiza kumaso, nati: "Ana inu, mwachedwa. Odziwa zonse anapita. Koma khalani pansi, zimene ndikukumbuka ndikuuzani."

Anatiuza kuti alongo awo ananyamuka chimanga chili chofunda m'munda, agogo osafuna. Agogo ankayenda wapansi kupita ku boma kukalandira kandalama kamene mwana wawo ankadulitsa pa malipiro. Pobwera anafika ndi jombo, chikhothi chachikulu ndi bokosi lomweli, ndipo anagula njinga. Mpunga anaukana zaka zambiri. Usiku kukagwa chimvula sankagona, ankakhala tsonga pafupi ndi chitseko mpaka kucha.

Anawongolanso nkhani imene takhala tikuuza ana, yoti bambo anamenyana ndi Ataliyana ku Abyssinia. "Ameneyo anali mkulu wawo, osati bambo anu," anatero azakhali. "Bambo anu anawoloka nyanja yaikulu." Anatchulanso mnzawo wa m'mudzi momwemo amene ananyamuka naye limodzi koma sanabwerere. Pa ndalama zonse za m'kaundula muno, izi ndizo zinabweza zambiri.

5. Ulendo wa ku Zomba, anthu awiri: K36,000
Chakudya cha pa ulendo: K14,000

Ku Zomba ndiko kunali likulu la boma ndi la asilikali a Nyasaland, ndipo National Archives, imene inayamba mu 1947, ili komweko. Kumeneko kuli mafayilo a boma la atsamunda ndi nyuzipepala zakale, zothandiza kumvetsa mmene dziko linalili pamene anyamata ankalembedwa usilikali. A Nyasaland amene anavala yunifolomu pa nkhondo imeneyi anali pafupifupi 30,000. Tinaimanso pa chipilala cha KAR, kufupi ndi Cobbe Barracks, pamene pali mayina a asilikali amene anafa pa nkhondo yoyamba. Dzina la bambo silingakhalepo, popeza iwo anali a nkhondo yachiwiri ndipo anabwerako amoyo.

6. Tambala mmodzi wothokozera mkulu wopuma usilikali wa ku mpingo kwathu: K12,000

Ndalama anakana. Anakhala nafe masana onse, kope lili pa ntchafu, chala chikutsata mzere ndi mzere. Anati: "Amayi, pepala ili muziliwerenga ngati buku la sitolo. Katundu walowa, katundu watuluka. Asilikali ankawerengera anthu motero."

Zidule zimene anatimasulira ndi izi. TOS ndiye kuti munthu walowa m'chiwerengero cha gulu lina, ndipo chakudya ndi malipiro ake zili m'manja mwa gululo. SOS ndiye kuti wachotsedwa m'chiwerengero, kawirikawiri chifukwa wasamutsidwa, osati kuti wagwa m'ngozi. Pte ndi msilikali wamba wopanda nyota. Emb ndi kukwera sitima ya pamadzi, Disemb ndi kutsika. Adm Hosp ndi kugonekedwa m'chipatala. X (ii) ndi ndandanda ya odwala kapena ovulala amene atumizidwa kumbuyo, kutali ndi gulu lawo. Masiku amalembedwa tsiku, mwezi, chaka.

Atatero, pepala linayamba kumveka. Bambo analembedwa usilikali mu 1942. Gulu lawo lalembedwa 22 (NY) KAR, ndipo NY ndi Nyasaland. Anakwera sitima ku Mombasa mu 1943 n'kukatsika ku Colombo, ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka. Mu 1944 anapita ku India, kenako ku Burma. Chakumapeto kwa chaka chimenecho pali Adm Hosp ndi X (ii), pambali pake mawu oti malungo. Anatuluka usilikali mu 1946, khalidwe lawo litalembedwa kuti linali labwino kwambiri.

7. Bandulo ya intaneti ndi mayunitsi: K15,000
8. Kusindikiza mapu a Burma, amene lero ndi Myanmar: K4,000

Pepala la usilikali limanena gulu ndi tsiku, silinena zimene zinachitika. Zimenezo zimapezeka pofufuza mbiri ya gululo. Gulu la 22 (NY) KAR linali mu 26th Brigade ya 11th East African Division, pansi pa Fourteenth Army ya General Slim. Kuyambira Ogasiti mpaka Disembala 1944, Ajapani atagonja ku Imphal ndi ku Kohima, asilikali a ku Africa kuno anatumidwa kuwathamangitsa m'chigwa cha Kabaw, kuchokera ku Tamu kudzera ku Kalemyo mpaka ku Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin. Inali nyengo ya mvula yosakata. Misewu inasanduka matope, magalimoto ankatitimira, chakudya chinkaponyedwa ndi ndege. Chigwacho chinkadziwika ndi malungo ndi matenda ena a m'tchire, ndipo asilikali ankamwa mapiritsi achikasu otchedwa mepacrine tsiku ndi tsiku. Kalewa anailanda kumayambiriro kwa Disembala 1944. Masiku a bambo a m'chipatala akugwera m'miyezi yomweyi. Zimene ananena azakhali za usiku wa mvula zikugwirizana ndi malo amenewa.

Njira ya panyanja nayo inali yoopsa. Pa 12 Febuluwale 1944, sitima ya Khedive Ismail, yochokera ku Mombasa kupita ku Colombo, inamizidwa ndi sitima ya pansi pa madzi ya Ajapani, ndipo anthu 1,297 anafa, ambiri mwa iwo asilikali a kum'mawa kwa Africa. Bambo anali atadutsa njira yomweyo chaka chapitacho.

Pa intaneti, ndandanda ya Commonwealth War Graves Commission ndi yaulere, koma ili ndi mayina a omwalira okha. Mmenemo tinapeza mnzawo wa bambo uja. Dzina lake lili pa Rangoon Memorial, ku manda a Taukkyan, pamene pamalembedwa amene manda awo sadziwika. Abale ake ku Mulanje tinawaimbira foni tsiku lomwelo. Anali asanauzidwepo kumene m'bale wawo anathera.

9. Ulendo wa mdzukulu wathu wa ku London kupita ku Kew: K0

Sitima analipira yekha ndipo wakana kubwezeredwa. Ku National Archives ya ku Kew chiphaso cholowera ndi chaulere, ndipo amalola kujambula mapepala ndi foni. Mabuku a zochitika za tsiku ndi tsiku a magulu amene anamenya nkhondo ku Burma ali m'mafayilo a WO 172. Anatitumizira masamba a miyezi ya ku Kabaw. Muli mayina a mapiri, a mitsinje ndi a maofesala achizungu. Asilikali akuda nthawi zambiri amangowerengedwa: ovulala angapo, ofa angapo, odwala angapo. Dzina la bambo mulibe. Komabe tsopano tikudziwa kumene gulu lawo linagona sabata ndi sabata.

10. Felemu yagalasi ya mendulo, kwa kalipentala: K28,000

Mendulo ziwiri ndi nyenyezi za nsonga zisanu ndi imodzi, 1939-45 Star ndi Burma Star. Yachitatu ndi yozungulira, War Medal, ya nkhope ya Mfumu George VI. Pa zonsezi palibe dzina, chifukwa Britain ankapereka mendulo za nkhondo imeneyi zosalemba mayina. Choncho mendulo ikasiyana ndi mapepala ake, palibe angadziwe mwini wake. N'chifukwa chake kuseri kwa felemu tamatako fotokope ya chikalata chotulukira. Africa Star, imene ankalandira omenya nkhondo ku Abyssinia ndi ku Somaliland mu 1940 ndi 1941, palibe, ndipo zimenezi zikuchitira umboni mawu a azakhali. Mendulozi zisakwechedwe ndi phulusa kapena mchenga.

11. Munthu amene anabwera n'kunena kuti angatitengere ndalama za asilikali akale ku Mangalande tikamupatsa kaye ya mafomu: K0

Analibe kalata ya ofesi iliyonse ndipo anafuna kutenga mapepala enieni. Tinakana. Akafika kwa wina wa inu, musamupatse ndalama kapena pepala.

12. Kutayipa mbiri yonse ndi kusindikiza makope a nyumba iliyonse: K16,000

KUWONKHETSA

Zolowa: K195,000
Zotuluka: K191,000
Zotsala m'thumba: K4,000

ZIMENE BAMBO ANAWERENGEREDWA

Kaundula wa banja sangatsekedwe popanda mzere uwu. Nkhondo itatha, asilikali ankalandira ndalama yothokozera, yowerengera miyezi imene munthu anagwira. Chikalata cha boma la Britain chimene chinaululika mu 2019 chikusonyeza kuti m'magulu a kum'mawa kwa Africa ndalamayi inkatengera khungu. Msilikali wamba wachizungu ankalandira masheleni 10 pa mwezi uliwonse. Msilikali wamba wakuda ankalandira masheleni 3 ndi makobiri 6.

Miyezi ya bambo, zaka zinayi: 48
Ya mzungu wa udindo womwewo: mapaundi 24
Ya bambo: mapaundi 8 ndi masheleni 8
Kusiyana kwake: mapaundi 15 ndi masheleni 12

Matope a ku Kabaw anali amodzi, malungo anali amodzi, zipolopolo sizinkasankha. Kusiyanaku kunali kupanda chilungamo, ndipo ndakulemba muno kuti adzukulu adzakuwerenge pamodzi ndi mendulo.

ZOSALEMBEKA MTENGO

Masana a mkulu wa ku mpingo uja. Maso a mdzukulu amene anakopera mizere. Mawu a azakhali. Zaka zimene mayi anasunga bokosi osataya kapepala ngakhale kamodzi, chikhalirecho Chingerezi sankachiwerenga.

ZOTI TIGWIRIZANE

Choyamba, pa chiliza palembedwe mayina onse awiri, la ubatizo ndi la ku usilikali, nambala yawo, gulu la 22 (NY) KAR, ndi zaka 1942 mpaka 1946. Mawu oti Abyssinia asalembedwe. Palembedwe Burma.

Chachiwiri, bokosi likhale kwa achimwene aakulu, pamwamba, kutali ndi chinyezi ndi chiswe. Fotokope zikhale m'nyumba zonse.

Chachitatu, mkulu wawo wa bambo, amene anapita ku Abyssinia, mapepala ake sanapezeke. Ana ake afunsidwe ngati nambala yake ikudziwika, chifukwa popanda nambala ntchito idzakhala yovuta.

Chachinayi, K4,000 yotsalayi ikhale poyambira thumba la ulendo wina wa ku Mulanje. Mapepala a ku Zomba ndi a ku Kew adzakhalapobe chaka chamawa, koma azakhali akalamba kwambiri, ndipo zimene akudziwa sizinalembedwe pena paliponse. Adzukulu a mafoni ojambula mawu apite mwezi uno, akakhale nawo pansi ndi kuwafunsa mwaulemu, osathamanga. Amene ali ndi chopereka anditumizire lisanafike Loweruka.