Fodya wa Pamphuno ndi Inki ya Pachala

Mwambi wakuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, wakhala zaka zambiri popanda woutsutsa, koma chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chinauika pamayeso, chifukwa mwa anthu pafupifupi 7.2 miliyoni amene analembetsa, oposa atatu mwa anayi alionse anabwerera kwawo ali ndi chinthu pachala chimene mphepo, sopo ngakhale mwala wokwechera kumapazi zinalephera kuchotsa. Chinthucho ndi inki yosafufutika, imene bungwe loyendetsa zisankho la MEC limapaka munthu woponya voti kuti asabwerenso kachiwiri atasintha chipewa.

Nthawi ya kampeni, mwambiwu umatsatidwa mokhulupirika kuposa malamulo a dziko. Lamulo loyendetsera zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pofuna kukopa ovota, komabe linasiya mpata wa zipangizo za kampeni ndi ndalama yobwezera ya mayendedwe, ndipo mpata umenewu ndi waukulu mokwanira kuti munthu amene nyumba yake yayang'anizana ndi bwalo la msonkhano alandire ya thiransipoti. Wolandirayo saona vuto, pakuti msewu wa phula wolonjezedwa pansanja uli pachala, pamene nsalu ya chipani ili kale m'chiuno.

Moyo wa nsaluyi ndi woyenera kuufufuza mofatsa. Sabata zoyambirira imavalidwa ku misonkhano ndi kuvinidwa nayo, kenaka imasanduka mbereko, ndipo nkhope ya mtsogoleri imaphunzira zimene mwana wakhanda amachita osapempha chilolezo. Ikayamba kusuluka imapachikidwa pazenera ngati katani, ikang'ambika imamangira mtolo wa chimanga chopita kuchigayo, ikatheratu imakhala nkhata ya potunga madzi, mwakuti pali atsogoleri ena amene atumikira mabanja kwambiri ali pansalu kusiyana ndi ali paudindo. M'makomo ambiri nsaluzi zimakhalamo zamitundu ingapo, ya buluu ya DPP, ya tambala wakuda ya MCP, ya chikasu ya UDF, zonse zoyanikidwa pachingwe chimodzi mwamtendere, ndipo kulolerana pandale, kutanthauza kutsutsana ndi mnzako popanda kumuyesa mdani, sikunaonekepo bwino m'Malawi kuposa pachingwe chimenechi.

Pamene mwambi ukulakwa ndi pa kulemera kwa chala. Mu 2014 Peter Mutharika anapambana upulezidenti ndi mavoti 36 pa 100 alionse, popeza nthawiyo kuposa anzako kunali kokwanira. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti loona za malamulo aakulu a dziko, pothetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, linagamula kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka, ndipo umu ndi mmene Lazarus Chakwera analowera m'boma mu Juni 2020, komanso mmene Mutharika anabwerera mu 2025. Kuyambira pamenepo wofuna mpando sangadalirenso chigawo cha kwawo chokha, ndiye amakakamizika kuchepetsa chipongwe ponena za anthu a kwina, chifukwa zala zawo akuzifuna. Chala chakwera mtengo, ngakhale kuti eni ake ambiri akuchigulitsabe pamtengo wakale, osafunsa n'komwe zimene manifesito, buku la malonjezo a chipani, ikunena pa feteleza kapena pa ngongole za boma.

Ndalama ya pamphunoyo nayonso ili ndi mphepo yake, monga anaonera aliyense amene anasunga makwacha pamene mphamvu yake inatsitsidwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Inkiyo imachoka pang'onopang'ono chikhadabo chikamakula, koma zimene chalacho chinasankha zimakhala zaka zisanu. Amene anatsala pakhomo tsiku lovota, ponena kuti andale onse ndi amodzi, anasunga chala chake choyera, ndipo akapita pamzere wa mafuta kapena wa shuga amaima pamodzi ndi anzake a inki, popeza wogulitsa sayang'ana zala.